Mmene Ambuya Anaphunzitsira Ba Ammachi Kupereka Moni

Ndikakumbukira ba Ammachi, mphuno ndiyo imayamba kukumbuka: mafuta a kokonati ali pamoto, timbewu takuda tija ankaponyamo tikuthetheka ngati mvula yoyamba pa malata, kenako anyezi ndi tsabola wouma, fungo lonselo n'kudumpha mpanda wa waya, kudutsa pa chingwe pamene amayi ankayanika mayunifolomu athu, mpaka kutipeza pa khonde tikumwa tiyi. Umakhala m'mawa wa ku Chelstone, maminibasi akuliza mahutala ku msewu waukulu, makondakitala akukuwa kuti tauni, tauni, ndipo ambuya ali chiweramire ndi tsache lawo, akusesa bwalo loti alisesa kale dzulo madzulo, fumbi lofiira likukwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa.

Ambuya anali amayi a bambo anga. Kwawo kunali ku Katete, koma moyo wawo wonse wa ntchito anauthera mu Lusaka akuphunzitsa Giredi Wanu, moti ngakhale atapuma, dera lonse linkawatchabe ba Ticha. Bambo ndi amayi ankalawirira ku ntchito m'tauni, choncho amene anatilera kwenikweni ndi iwo. Zambiri ankakhululuka, mbale yosweka kapena sokosi yotayika, koma za moni analibe nazo chifundo. Mwana akangolowa m'nyumba ali chete, ankamubweza mpaka kugeti kuti akayambirenso. "Mbuzi ndiyo imalowa m'nyumba osaodira," ankatero, osakweza mawu n'komwe.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala ba Thomas, Mmwenye wochokera ku Kerala, kummwera kwa India, amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Kabulonga. Akazi awo anali anesi. Mwana wawo Anu anali mnzanga, wobadwira mu Lusaka momwemo, ndipo Chinyanja cha m'tauni ankachithamangitsa kuposa ine. Chaka chimene ndinali mu Giredi Folo, bambo a ba Thomas anamwalira kwawo, ndipo ba Thomas atapita kumaliro anabwerako ndi amayi awo. Anu ankawatcha Ammachi, ndiko kuti ambuya m'chilankhulo chawo cha Chimalayalamu. Ife tinangoikapo "ba" patsogolo.

Anali mayi wochepa thupi, wovala zoyera zokhazokha, nsalu ya m'chiuno yopindidwa kumbuyo ngati mchira wa nkhunda, ndolo zazikulu zagolide zitapachikika pamwamba pa makutu, tsitsi la imvi likunyezimira mafuta. Tsiku loyamba kuwaona akuyanika zovala, ambuya anaimika tsache n'kuyandikira pa mpanda.

"Mwauka bwanji, amayi?"

Mayi uja anawayang'ana, n'kugwedeza mutu uku ndi uku, kugwedeza koti sungadziwe ngati akuvomera kapena akukana. Ambuya anayesa Chibemba, "Mwashibukeni." Anayesa Chingelezi chawo cha m'kalasi, chomveka liwu lililonse, "Good morning." Ba Ammachi anasiya beseni la zovala pa udzu n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

Zinachitika choncho m'mawa ndi m'mawa. Azimayi a mumsewu mwathu anayamba kunena. Ena ankati ndi kunyada, ena ankati anthu amenewa safuna kuyandikana ndi munthu wakuda. Ine ndinkaona mmene ambuya ankagwirira tsache kuti zikuwadya. Lamulungu lina madzulo anavala nsapato zawo za ku tchalitchi, anazungulira kugeti, nakagogoda kwa ba Thomas. Ine ndinali kale m'nyumbamo, tikusewera ndi Anu pansi pa tebulo, ndiye zonse ndinazimva. Ankalankhula m'Chingelezi.

"Ba Ticha, musawaone ngati onyada," anatero ba Thomas, atavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya. "Amayi sadziwa liwu ngakhale limodzi la kuno, la Chingelezi kapena la Chinyanja. Munthu akawalankhula amaopa kuti ayankha zolakwika n'kutichititsa manyazi. Tsiku lonse amakhala okha. Ngakhale ndi mdzukulu wawoyu samvana, chifukwa Anu Chimalayalamu amangomva pang'ono, kuyankha sangathe. Amatiphikira, koma iwo sadya. Tayang'anani mikono yawo mmene yathera. Amandipempha kuti ndiwabweze, koma kwathu kulibe wowasamala. Nyumba tinatseka."

"Nanga inu si aphunzitsi? Simungawaphunzitse?"

"Ndinayesa. Ndikawakonza amakwiya. Amati mwana amene ndinkamupukuta mamina asandiwongole lilime."

Ambuya anaseka mpaka kugwira pachifuwa. Atatha anati, "Akunena zoona. Muwauze kuti mawa m'mawa asathawe. Ine ndine wamkulu kwa iwo, mamina anga sanapukutepo."

Chaka chimenecho kalasi yathu inkalowa masana, choncho sukulu ya ambuya ndinkaionera ndili pa khonde. Inkachitikira pansi pa mtengo wathu wa magwafa, mipando iwiri itayang'anizana. Buku panalibe, pakuti ba Ammachi ankangodziwa zilembo za kwawo zozungulirazungulira zija. Ambuya anasankha kuyamba ndi Chingelezi, chifukwa ndicho chinkafunika ku kiliniki ndi kwa Anu. Chinyanja, ankatero, adzachitola okha pa msika. Ndipo ankaphunzitsa monga ankachitira ndi tiana ta Giredi Wanu, ndi thupi lonse. Ankatuluka kugeti, n'kugogoda, n'kulowa akumwetulira ngati mlendo wochokera kutali, "Good morning!" Akapanda kuyankhidwa ankatulukanso, n'kugogodanso. Ankaloza dzuwa likutuluka, kenako pamutu, kenako kumadzulo, kuti asiyanitse moni wa m'mawa, wa masana ndi wa madzulo. Ankadziponda okha phazi dala, n'kudzipepesa okha, "Sorry." Ba Ammachi poyamba ankangoyang'ana, nsonga ya nsalu ataiika pakamwa. Kenako tsiku lina, ambuya atagogoda, kunamveka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa nkhuku, "Gud moning." Ambuya sanaombe m'manja, sanawatamande. Anangoyankha monga mmene ungayankhire munthu aliyense, n'kukhala pansi. Pambuyo pake anandiuza kuti wamkulu ukamuombera m'manja amadziona ngati chidole.

Pa "How are you?" ndi pamene anakanganapo. Ambuya ankafuna kuti yankho likhale "I am fine, thank you." Ba Ammachi atamvetsa tanthauzo lake anakana. Anakweza nsalu pang'ono, n'kuloza mawondo otupa, n'kunena zambirimbiri m'chilankhulo chawo, zomalizira ndi mawu awiri amene anali atawagwira: "No fine."

"Niziba," anatero ambuya m'Chinyanja, akusisita awo mawondo. "Na ine yanibaba. Koma mzungu safuna kumvela za mawondo. Mukambe chabe kuti fine, za mawondo muziniuza ine."

Mmene ankamvanirana sindidziwa mpaka lero. Wina ankalankhula Chinyanja, wina Chimalayalamu, pakati n'kumaponyapo timawu ta Chingelezi, koma nkhani inkayenda, ndipo nthawi zina ankafika pousa moyo limodzi.

Ambuya anazindikira kuti munthu amene akungolakwitsa yekha tsiku ndi tsiku amatopa. Ndiye anafunsa ba Thomas kuti kwawo anthu akakumana amati chiyani. Ba Thomas anati kawirikawiri amangofunsana kuti mwadya, ndipo anawatchulira liwu lake, "Kazhicho?" Liwulo lili ndi kamvekedwe kopinda lilime kamene ife tilibe. M'mawa mwake ambuya anaima pa mpanda, anakonza kukhosi, n'kunena molimba mtima, "Kulicho?" Ba Ammachi anatong'ola maso, kenako anaphulika kuseka, kuseka kogwira waya wa mpanda, misozi n'kutsika. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka. Madzulo ba Thomas anatiuza kuti ambuya anafunsa mayi wa eni ake kuti mwasamba. Kuyambira pamenepo sukulu inasanduka ya anthu awiri, aliyense ndi mpata wake wowongola mnzake.

Mayeso anachitikira pa msika wa Chelstone. Ambuya anatenga ba Ammachi ngati akupita kukagula zawo, ine ndikutsatira ndi basiketi. Atafika pa tebulo la bana Mwape, mayi wa tomato amene anali mmodzi wa onena kuti Mmwenyeyu ndi wonyada, ambuya anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kumayang'ana nsomba zouma ngati sizikuwakhudza. Ba Ammachi anaima patsogolo pa tebulo, atagwira kachikwama.

"Good morning, madam. How are you?"

Bana Mwape anayang'ana ambuya, anayang'ananso mayi uja. "Fine, mayo," anatero, kuwatcha amayi m'Chibemba. "How are you?"

"I am fine, thank you. Please, tomato."

Bana Mwape anasankha tomato wabwino, n'kuwonjezerapo awiri a mbasela. Pobwerera, mnyamata wa wilibala anatsala pang'ono kuwagunda, ndipo ba Ammachi mwamantha anakhuthula zonse zimene anaphunzira nthawi imodzi, "Excuse me, sorry, please, thank you." Mnyamatayo anavula kapusi n'kuwapatsa njira. Ambuya anadziletsa kuseka mpaka titakhota pakona.

Masana ena Anu akuchokera ku sukulu anapeza ambuya ake ataima pakhomo. "Good afternoon. How is school?" Anu anaima kukamwa kuli yasa, kenako anayamba kufotokoza zonse, za aphunzitsi, za mnzake amene anamubera rula. Ba Ammachi mwina ankamva liwu limodzi pa khumi, koma anakhala naye pa sitepe akugwedeza mutu uku ndi uku, dzanja lili m'tsitsi la mwanayo. Miyezi imeneyo mikono yawo inayamba kubwerera, ndipo za kubwezedwa kwawo sizinamvekenso.

Koma panali chinthu chimene chinkawawawa ambuya, ndipo ambuya sanali munthu woiwala msanga. Ba Ammachi ankathokoza aliyense. Kondakitala akawabwezera chenji, "thank you." Dokotala, wogulitsa makala, mwana wowatsegulira geti, onse ankalandira "thank you" wawo. Ambuya okha ndiwo sankamulandira. Ankawapatsa mtedza wochokera ku Katete, ba Ammachi n'kungolandira, n'kuyamba kusenda. Anawaperekeza ku kiliniki n'kukhala nawo pa mzere m'mawa wonse, pobwera ba Ammachi anangowagwira pamkono n'kulowa m'nyumba. Ngakhale dzina lawo sankalitchula bwino. Ambuya ankati "Tea-cher," ba Ammachi n'kumati "Chechi," ndipo ngakhale awakonze bwanji sizinkasintha.

"Wa makala wawaphunzitsa chiyani?" ndinawamva ambuya akudandaula kwa amayi tsiku lina akusankha nyemba. "Liwulo ndinawapatsa ndine. Apatsa tauni yonse, mwini wake n'kumumana."

Amayi anati mwina angoiwala. Ambuya anati munthu saiwala malo amodzi okhaokha.

Sabata yotsatira mipando sinatuluke. Ambuya anati mawondo avuta. Ba Ammachi ankabwera pa mpanda m'mawa, n'kuitana, "Chechi, good morning," ambuya n'kuyankhira pa windo, moni wathunthu, wopanda cholakwika, koma wozizira. Kenako ba Ammachi anabwera okha kunyumba kwathu atanyamula mbale yovundikira, muli timikate tawo ta mpunga, toyera, tofewa pakati, tokhala ndi m'mphepete mopyapyala ngati lesi, ndi kabotolo ka mafuta opaka mawondo. Ambuya anaimirira, analandira ndi manja awiri, n'kunena m'Chingelezi cha pa tsiku la mphotho ku sukulu:

"Thank you very much, Mrs Thomas. It is very kind of you."

Ankafuna kuwaonetsa mmene munthu amathokozera. Koma nkhope ya ba Ammachi inagwa ngati aimenya mbama. Anayang'ana ambuya nthawi yaitali, n'kutembenuka, n'kupita osatseka ndi geti lomwe.

Madzulo a tsiku lomwelo ba Thomas anagogoda, amayi awo ali kumbuyo, maso ali ofiira.

"Ba Ticha, pepani kukuvutitsani. Amayi sanadye, akungolira. Akufuna kudziwa chimene akulakwirani, kuti muwathokoze ngati mlendo."

"Ngati mlendo?" anatero ambuya. "Ine ndathokoza monga munthu aliyense woleredwa amachitira. Iwo ndiwo sanandithokozepo chiyambire."

Ba Thomas anatembenukira kwa amayi awo n'kuwamasulira. Ba Ammachi anayankha mofulumira, manja akuuluka, koma mwana wawo asanayambe kumasulira anamukankhira pambali n'kudzilankhulira okha, akuwerenga pa zala.

"Shop, thank you. Doctor, thank you. Bus, thank you." Kenako anaika chikhatho pachifuwa pa ambuya. "Chechi, no thank you."

"Kwathu," anatero ba Thomas motsitsa mawu, "munthu wa m'nyumba sumuthokoza ndi pakamwa. Ukathokoza m'bale wako ndiye kuti wamuika kunja, wamuyesa wa m'sitolo. Ine amayi angawa sindinawauzepo liwu limenelo."

"Nanga Chechi ameneyu? Ndayesa kuwaphunzitsa kuti ndi Teacher."

Ba Thomas anamwetulira. "Sakunena Teacher. Chechi ndi mkulu wako, wobadwa naye mimba imodzi."

Ambuya anakhala pansi pa mpando wa pa khonde. Anayang'ana manja awo, anayang'ana mbale ija ili pa tebulo yosatsegula. Ine ndinkadikira kuti apepese m'Chingelezi, poti "sorry" anali ataphunzitsa okha, koma sanatero. Anasendera mbali imodzi ya mpando n'kumenya pamalo potsalapo ndi chikhatho. Ba Ammachi anakhala. Ambuya anavundukula mbale, ananyema kamkate kamodzi pakati, theka n'kuwapatsa, theka n'kudya okha osathokoza. Atameza anati, m'Chinyanja, "Yazizila. Mailo mubwelese yakupya."

Ba Thomas atamasulira kuti mawa abweretse yotentha, ba Ammachi anaseka uku akupukuta m'maso. Ambuya anawonjezera, chala chili m'mwamba ngati m'kalasi, "Koma kuli kondakitala muzikamba ndithu thank you. Uja si m'bale wanu."

Mipando inatulukanso m'mawa mwake, ndipo inakhala ikutuluka kwa zaka zingapo. Ba Ammachi anafika podzipitira okha ku msika, n'kumakangana mitengo ndi bana Mwape m'Chinyanja chosakaniza ndi Chingelezi ndi manja. Pamaliro a mumsewu mwathu ankabwera atamanga chitenje pamwamba pa zoyera zawo, n'kukhala pansi ndi azimayi anzawo. Ambuya m'nyumba mwathu sanasinthe lamulo, ife ana tinkathokozabe pa chilichonse. Koma pa mpanda paja mbale zinkadutsa uku ndi uku popanda liwu, ndipo mlendo akadabwa, ambuya ankangoti, "Ni mng'ono wanga."

Nditayamba sekondale, ba Thomas anapeza ntchito ku Botswana. Tsiku lonyamuka, katundu ali kale m'galimoto, Anu ndi ine tikulira mosabisa, ambuya anaima pageti atavala diresi lawo la pa Sabata ngakhale linali Lachiwiri. Anatambasula dzanja n'kunena liwu limene anawaphunzitsa kalekale, "Goodbye." Ba Ammachi anagwedeza mutu, ulendo uno kukana koonekeratu. Anagwira nkhope ya ambuya ndi manja onse awiri n'kunena mawu awiri a kwawo, "Poyi varam."

"Akuti chiyani?" anafunsa ambuya.

"Akuti ndipite ndibwere," anayankha ba Thomas ali pa chiwongolero. "Kwathu munthu sanena kuti ndapita basi."

Ambuya anavomera ndi mutu. "Chabwino. Muyende, mubwele."

Lero ndimakhala ku Avondale, mu Lusaka momwemo, ndipo m'mawa uliwonse ndimasiya ana anga pageti la sukulu ndisanalowe mumzere wa magalimoto wopita m'tauni. Iwo amakuwa kuti "Bye, mummy," monga anzawo onse. Ine pakamwa panga liwu limenelo silituluka. Ndimati, "Napita, nizabwela." Ndimatero kwa amuna anga, kwa anzanga a ku ofesi, ndipo ndinateronso kwa ambuya tsiku lomaliza limene ndinawaona ali m'chipatala. Mwana wanga wamkazi, amene tsopano ali msinkhu umene ndinali nawo nthawi ija, anandifunsa tsiku lina chifukwa chake, ndiye ndinamufotokozera za ba Ammachi tili m'galimoto. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Manje anabwela?"

Ndinamuuza zoona, kuti sanabwere. Tinadzamva patapita zaka kuti anamwalira konko, ali m'manja mwa Anu. Koma ndinamuuzanso kuti zaka zonsezo, bana Mwape kapena wina aliyense akafunsa ambuya kuti mng'ono wanu uja ali kuti, ambuya sankanena kuti anasamuka. Ankangoyang'ana kumsewu n'kuyankha kuti, "Achedwa chabe."